Tiyankheni: Ndigule zitsulo ziti kuti mikono ikule?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndimanyamula zitsulo kuseri kwa nyumba, pogwiritsa ntchito paipi yomwe tinaiika zitini ziwiri za simenti uku ndi uku. Chifuwa ndi mapewa zasintha, koma mikono sikukula, makamaka kuchokera pachigongono kufika padzanja. Ndasungako kandalama, ndipo anzanga akuti ndigule benchi yokuzira akatumba ngati imene ili m'majimu a m'tauni. Kodi ndiyambe kugula chiyani?
Wowerenga, Ndirande, Blantyre

YANKHO: Achimwene, benchiyo musaithamangire, chifukwa vuto lanu silili pamenepo. Paipi ya zitini ili ndi zofooka ziwiri: kulemera kwake sikusintha, komanso siilola manja kutembenuka momasuka ponyamula. Chitini cha penti cha malita 5 chikadzazidwa konkire chimalemera makilogalamu pafupifupi 12, choncho paipi yanuyo iyenera kuti imapitirira makilogalamu 24. Mnofu umakula ukamapatsidwa katundu wochulukirapo pang'onopang'ono, ndipo ukazolowera katundu yemweyo umangokhala momwe ulili ngakhale munthu atatuluka thukuta lochuluka bwanji.

Dziwaninso kuti mnofu wa kutsogolo kwa mkono, umene anyamata adzitho amakonda kuonetsa ndipo umatchedwa biceps, si umene uli waukulu. Waukulu ndi wa kumbuyo, wotchedwa triceps, womwe uli ndi mitu itatu ndipo ntchito yake ndi kuwongola chigongono. Pansi pa biceps pabisala mnofu wina, brachialis, umene ukakula umatukula biceps n'kuchititsa mkono kuoneka wonenepa. Kuchokera pachigongono kufika padzanja kuli minofu pafupifupi 20 yomwe imapinda ndi kutambasula zala ndi dzanja. Benchi ya anzanuyo imathandiza minofu yopinda chigongono yokha, pamene inu mukufuna mkono wonse.

Ndalama yanu iyambe yagula ma dumbbell awiri (zitsulo zifupizifupi zonyamula ndi dzanja limodzi) otheka kuwonjezera ndi kuchotsa mbale zachitsulo, ndipo mbalezo zikhale za makilogalamu 1.25, 2.5 ndi 5. Timbale ting'onoting'onoto anthu ambiri amatinyoza pogula, chonsecho ndi timene timalola munthu kukwera pang'onopang'ono popanda kudzivulaza. Ngati mukugula zogwiritsidwapo kale ntchito, yesani mbale iliyonse pa chitsulo chake musanalipire, pakuti mabowo amasiyana: za m'majimu akuluakulu zili ndi bowo la mamilimita pafupifupi 50, pamene za m'nyumba zili ndi bowo laling'ono, nthawi zambiri la mamilimita 25 kufika 30. Onetsetsaninso kuti zomangira za kumapeto zikugwira bwino, chifukwa mbale ikapulumuka muli chonyamula pamwamba pa mutu, ngozi yake ndi yaikulu.

Ubwino wa dumbbell ndi wakuti dzanja limatembenuka momwe mwafunira. Mukapinda chigongono chikhatho chitayang'ana kumwamba, ntchito yaikulu imagwera biceps. Mukagwira ngati mwanyamula hamala, chala chachikulu chili pamwamba, katundu amapita kwambiri ku brachialis ndi ku mnofu wautali wa pamwamba pa mkono wa m'munsi, wotchedwa brachioradialis, umene ndi womwewo mukuudandaula. Mukayang'anitsa chikhatho pansi, mudzafunika kuchepetsa katundu, koma minofu ya kunja kwa mkono wa m'munsi idzagwira ntchito kwambiri. Pofuna triceps, gwirani dumbbell imodzi ndi manja onse awiri pamwamba pa mutu, muitsitsire kumbuyo kwa khosi mosathamanga, kenako muwongole zigongono.

Chachiwiri n'chotsika mtengo, ndipo wowotcherera zitsulo aliyense angakupangireni: paipi yolimba yolendewerapo, ndi mapaipi awiri oyandikana ofika m'chiuno. Kudzikoka pa paipi zikhatho zitayang'ana kunkhope kwanu kumalimbitsa biceps ndi zala nthawi imodzi, pamene kutsika ndi kukwera pakati pa mapaipi awiriwo kumakuza triceps kuposa zida zambiri zodula.

Pa mkono wa m'munsi, chida chimene ndimachikhulupirira kwambiri sichigulidwa n'komwe. Dulani mpini wa khasu wotalika masentimita 40, muubowole pakati, mumangepo chingwe cha mita imodzi, ndipo kumapeto kwa chingwecho mumangirire katundu wa makilogalamu 2 kapena 3. Tambasulani mikono kutsogolo n'kumapota mpiniwo mpaka katundu afike pamwamba, kenako mumutsitse pang'onopang'ono osamulekerera. Mukasinthanitsa mbali yopotera, mumafikira minofu ya mkati ndi ya kunja yomwe. Kuyenda mutanyamula zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza madzi, zomwe ndi makilogalamu 20 dzanja lililonse, nakonso kumalimbitsa zala kwambiri. Tizida tofinya m'manja ta sipuling'i timathandiza, koma totsika mtengo timafewa msanga, ndipo munthu akafika potifinya ka 30 mosavuta ndiye kuti sitikumuwonjezeranso kanthu. Komabe, kaonekedwe ka gawo limeneli kamatengeranso chibadwa, kotero musadziyerekeze ndi mnzanu amene anabadwa ndi mikono yonenepa kale.

Ndalama ikatsalako, gulani chitsulo chokhotakhota chotchedwa EZ bar, chimene Lewis Dymeck wa ku America analembetsa umwini wake mu 1950. Kukhota kwake kumapendeketsa manja pang'ono, motero chimathandiza anthu amene amamva kupweteka polumikizira dzanja akagwira chitsulo chowongoka. Benchi ya anzanu ija inatchuka chifukwa cha Larry Scott, yemwe anapambana mpikisano woyamba wa anthu okuza minofu wotchedwa Mr. Olympia mu 1965, ndipo ntchito yake ndi kuletsa munthu kugwedeza thupi ponyamula. Zimenezo mungazipeze mwa kutsamiritsa chigongono mkati mwa ntchafu mutakhala pampando. Pa benchiyo, kuwongola mkono mwadzidzidzi ndi katundu wolemera kungathe kudula mtsempha wa biceps pachigongono. Mukadzamva kuthetheka kotsatana ndi kutupa ndi kuda kwa khungu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mikono muziipatsa ntchito kawiri kapena katatu pa sabata, ndi kupumula kwa maola 48 pakati. Sankhani katundu amene mungamunyamule ka 8 kufika ka 12, mubwereze maulendo atatu, ndipo mukafika ka 12 mosavutikira, wonjezerani kambale kamodzi mbali iliyonse.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Area 25 ndipo malo osungira zitsulo ndilibe. Kodi malamba a mphira angathandize mikono?
Wowerenga, Lilongwe

YANKHO: Angathandize ndithu, mayi, makamaka pa triceps. Mangani lamba pamwamba pa chitseko chotseka bwino, zigongono zikhale m'nthiti, ndipo mukokere pansi mpaka mikono iwongoke. Pa biceps, pondani lambayo pakati n'kukokera m'mwamba. Lamba amalimba pamene akutamuka, choncho poyambira pamapepuka ndipo pomalizira pamalemera. Mukafuna kuwonjezera mphamvu, mufupikitseni kapena muphatikize awiri. Muzimuyang'ana musanayambe, ndipo akayamba ming'alu mutayeni, chifukwa akaduka ali chitamukire angakuvulazeni m'maso.