Bwanayo asakuopsezeni, achemwali

Achemwali pepani kwambiri. Ndawerenga zomwe mwalemba, zoti amuna anu anavulala pa ntchito lamba wa makina atawakoka, thupi lonse lachita tsembwe, chifukwa mawu amene bwanayo wauza amuna anu, akuti "n'kusasamala kwako", ndi omwewo manijala wanga anandiuza ine ndili gone kuchipatala.

Ndinali makaniko pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Nthawi yolima, thalakitala yoyenda inali imodzi yokha, ndiye manijala sankafuna iime ngakhale pang'ono. Bawuti ya pulawo itaduka anati tisinthire kumunda komweko. Jeke kunalibe, chochirikiza pansi kunalibenso. Dalaivala anangoikweza ndi hayidoloki, ine n'kulowetsa manja ndi sipanala. Paipi ya mafuta inali ikudontha kuyambira kalekale, tinanena mpaka kukhosi kuuma, yankho lake linali "bajeti". Ndinangomva kuti phwii, chitsulo chonse chija pa dzanja langa lamanja. Ululu sunabwere pompo ayi. Ndinkangoona magazi akusakanikirana ndi girisi, dalaivala akulimbana ndi kandodo kokwezera, pulawo osasuntha chifukwa mafuta onse anali atathera m'dothi. Anachita kuthamangira mitengo ya bulugamu kudzatukula, amayi a ku nazale akulira. Galimoto ya esiteti akuti yapita kukatuta nkhuni, moti ndinapita kuchipatala pa kabaza, dzanja litakulungidwa m'chitenje cha mayi wina. Zala ziwiri anadula usiku womwewo.

Manijala uja anabwera ndi shuga ndi buledi, kenako n'kutulutsa pepala loti ndisainire kuti ndinavulala ndekha nditaweruka. Ndisaine ndi dzanja liti? Munthu wopanda manyazi! Nditakana, malipiro anaima, mkazi wanga akumuuza kuti nyumba ya pa esiteti ikufunika. Paipi ija anagula yatsopano sabata yomweyo, ndalama zapezeka mwadzidzidzi.

Amene anandidzutsa ndi mlamu wanga, anandikokera ku ofesi ya leba pa boma. Kumeneko n'komwe ndinamva za lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Wovulala pa ntchito amalipidwa ndi womulemba ntchito, ndipo "kusasamala" wamba sikuchotsa ufuluwo, pokhapokha munthu atachita zoipazo mwadala. Dokotala amalemba kuti mwalumala maperesenti angati. Wolumaliratu amapatsidwa malipiro a miyezi 54, ndiye anu amawerengera kuchokera pamenepo molingana ndi maperesentiwo. Ngati munthu wamwalira, banja lake limalandira za miyezi 42. Palinso Employment Act ya 2000: amene wagwira chaka chathunthu ali ndi masabata 4 odwala pa malipiro onse, ndi ena 8 pa theka. Ndalama zanga za chipukuta misozi zinatuluka, koma manijala uja anazengereza mpaka ndinagulitsa mbuzi zonse, ndipo ntchito sindinabwererenso.

Ndiye mawa lomwe pitani ku leba, musadikire kuti bwana akanene yekha za ngoziyo. Buku la kuchipatala lisachoke m'manja mwanu, jambulani tsamba lililonse pa foni, jambulaninso lamba wa makina amene anawakokayo asanamusinthe. Tengani manambala a amene anaona, ngakhale ambiri adzaopa ntchito, dalaivala wanga uja mpaka lero amandizemba pamsika. Akakanika bwanayo, a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, alipo.

Koma musakangane naye, achemwali. Mulankhuleni mwaulemu, mwina angawasungire kantchito kopepuka, chifukwa makaniko wa dzanja limodzi samufuna kwina. Ndipo akakupatsani kenakake lero landirani ana adye, njirayi ndi yaitali. Chokhacho musasaine pepala lililonse asanaliwerenge a ku leba. Mundipeze ku inbox ndikuonetseni mafomu anga.