Beetle ikukana kulira: musathamangire kugula sitata

Owerenga wina wanditumizira imelo. Akuti VW Beetle yawo ya 1972 ikatentha, amapotoza kiyi, nyale za pa dashibodi n'kuyaka, koma sitata ili zii. Makaniko wawauza kuti agule sitata ina.

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Zimandiwawa kuona sitata yabwinobwino ikutayidwa popanda munthu woyikapo multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Batire ya Beetle ili pansi pa mpando wakumbuyo. Magetsi amachoka pamenepo kupita kutsogolo ku switchi ya kiyi, n'kubwereranso kumbuyo ku solenoid, kachipangizo ka pa sitata komwe kamaiyatsa. Ulendo wonsewo ndi wa pa mawaya okalamba, ndipo polumikiza paliponse pamadya kachigawo kake. Solenoid ikatentha imafuna mphamvu yokwanira, ndiye yofika mopereweza siyikankha.

Kuseri kwa switchi kuli manambala. Pa 30 pali waya wofiira wochokera ku batire, wamoyo nthawi zonse. Pa 15 pali wakuda wopita ku koilo, yomwe imapereka moto ku mapulagi. Pa 50 ndi popita ku sitata. Ikani giya pa nyutirolo, kokani handibuleki. Batire yodzaza iwerenge 12.6V. Tsopano ikani chingwe chimodzi cha multimeter pa 30, china pa 50, mnzanu apotoze kiyi mpaka kumapeto. Mukaona zoposa 0.5V, tizitsulo ta m'kati mwa switchi tapsa. Gwedezaninso kiyi injini ikulira. Ikadukiza, 15 nayonso yatha.

Chomwe ndimakana kwamtuwagalu ndi chizolowezi chokoka waya kuchoka ku batire molunjika ku koilo. Mukaiwala kuuchotsa, koilo imatentha, mapointi (tizitsulo toyatsa ndi kuzimitsa magetsi a koilo) n'kupsa. Ndipo waya wa 30 ulibe fyuzi. Ukakhudza chitsulo, galimoto ikhoza kuyaka moto. Mulu wa makiyi a kunyumba wolendewera pa switchi nawonso umaiperesa, uchotseni.

Kakonzedwe kake

Masulani kaye waya wa negative ku batire. Mbali ya magetsi ya switchi ndi yosiyana ndi loko, imagwidwa ndi kasikuluwu kakang'ono, choncho ikapsa mumasintha yokhayo, kiyi wanu sasintha. Switchi ikapezeka yabwino, palani lamba wa earth wolumikiza giyabokosi ku bodi, kenako ikani relay (kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi) ya mapini anayi pafupi ndi batire: pini yake ya 30 ku batire, 87 ku solenoid, 86 ku waya wakale wa 50, 85 ku bodi.