Lamba wapampando satsekera munthu m'galimoto

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona zimene bambo akunyumba kwanu akunena, zoti lamba wapampando ndi wongothawira multa ya apolisi, komanso kuti pangozi amatsekera munthu m'kati. Mwatinso inu mumakhala kumbuyo mwana ali pamiyendo, ndiye lambayo simuona ntchito yake. Ine ndimakonza galimoto kuno ku Ulongwe, ndiyankheko monga ndikudziwira.

Galimoto ikamathamanga makilomita 50 pa ola, thupi lanu nalonso likuthamanga liwiro lomwelo, ngakhale mwakhala phee pampando. Ikagunda mtengo kapena kumbuyo kwa thiraki imaima pomwepo, koma inu mumapitirira mpaka mutapeza chokuimitsani, kaya ndi chiwongolero, galasi, mutu wa mnzanu wakutsogolo kapena phula la pamsewu. Kumenyeka pa liwiro limenelo n'chimodzimodzi ndi kugwa kuchokera pamalo otalika pafupifupi mamita 10. Ndiye 50 ndi liwiro la m'tauni. Amene anatsikapo msewu wa Zobwe kulowera ku Moatize akudziwa mmene anthu amapondera moto kumeneko, pakati pa mathiraki ochokera ku Beira.

Bambowo mwina amadabwa kuti lamba wofewa chonchi, woti ukawerama amakutsatira, angagwire bwanji munthu. Chinsinsi chili kuseri kwa pulasitiki ya pafupi ndi chitseko. M'menemo muli chitsulo chozungulira chimene lamba amakulungikapo, ndi sipuling'i yomubweza mukamusiya. Pambali pake pali kagudumu ka mano, ndi kampira kachitsulo kokhala m'kambale. Galimoto ikaima modzidzimutsa kapena ikapendekeka, kampirako kamagubuduzika n'kukankha kachitsulo kokola m'mano aja, lamba n'kuuma gwa! Amaumanso mukamukoka mothamanga. Yesani nokha lero: mukokeni pang'onopang'ono, atuluka; mutsakamuleni mwamphamvu, akana. Akapanda kukana, ameneyo ndi wakufa, mupite naye kwa amakanika.

Galimoto zambiri za ku Japan zimene timagulazi zilinso ndi kachipangizo ka onga pang'ono pa malamba akutsogolo. Ngozi ikangoyamba kamaphulika n'kukunga lamba diso lisanaphethire, kenako lambayo amalolera pang'ono kuti asathyole nthiti. Kachipangizoka kamagwira ntchito kamodzi kokha. N'chifukwa chake galimoto yoti inachitapo ngozi yaikulu sumangowongola bodi n'kupenta, malamba akenso amafunika atsopano, ndipo ogulitsa ambiri zimenezi sakuuzani.

Pamene lamba amadutsa sanangopalota. Lamba wa m'chiuno ndi paphewayu anamukonza Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden, ndipo anayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. Volvo inalola makampani ena onse kumugwiritsa ntchito kwaulere. Nzeru yake inali yoti mphamvu ya ngozi igwere pamafupa olimba, a m'chiuno ndi a pachifuwa. Choncho wam'munsi azidutsa pamafupa a m'chiuno osati pamimba, wam'mwamba pakati pa phewa, osati pakhosi kapena kukhwapa. Mayi woyembekezera nayenso azimanga, wam'munsiyo adutse kunsi kwa mimba.

Zoti amatsekera munthu ndimazimva kawirikawiri, ngakhale kwa madalaivala a zaka zambiri pamsewu. Koma lamba amamasuka ndi chala chimodzi. Kuti mutuluke m'galimoto yoyaka kapena yogwera mumtsinje, muyenera kukhala muli maso, manja akugwira ntchito. Amene wamenyetsa mutu pagalasi n'kukomoka satsegula chitseko, ngakhale alibe lamba. Ena amati bola kuponyedwa kunja. Kunjako n'kumene kuli miyala, mitengo, ndi galimoto yomweyo ikugubuduzika kukutsatirani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumanga lamba kumachepetsa ndi pafupifupi theka mpata woti wokhala kutsogolo afe pangozi.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri pa funso lanu ndi mwanayo. Pangozi ya liwiro lomwe lija, chinthu chimalemera kakhumi kapena kuposa. Mwana wa makilogalamu 10 amasanduka matumba awiri a chimanga, ndipo amakutsomphokani m'manja musanadziwe n'komwe kuti mwagunda. Palibe mayi, ngakhale wamphamvu zotani, angamugwire. Musamangenso lamba mmodzi nonse awiri, chifukwa thupi lanu lidzamupanikizira pa lambayo. Mwana wamng'ono amafunika kampando kakekake komangirira pampando wakumbuyo, ndipo wakhanda aziyang'ana kumbuyo. Ndikudziwa kuti kampandoko kamadya mameticais ndithu, koma amene wakwanitsa kugula galimoto ndi kuthira mafuta a ulendo wa ku Tete ndi kubwerera sangalephere. Inunso kumbuyoko mukapanda kumanga, mudzauluka n'kukamenya bambowo pamsana, iwo atamanga kale.

Za m'chapa, maminibasi athu aja, sindikunamizani, zambiri anasintha mipando kuti anthu akwane ambiri, malamba anachotsa kalekale. Pamenepo wokwera alibe chochita, koma mukapeza mpando wakutsogolo uli ndi lamba, mangani, anthu aseke.

Chimene chimandinyansa ndi madalaivala odutsitsa lamba kumbuyo kwa msana kuti galimoto isiye kulira, kapena ongomuyedzeka pachifuwa akaona apolisi pa Mussacama. Wapolisi wamupusitsa, inde. Koma chikwama cha mpweya cha pachiwongolero chija anachikonzera munthu womanga lamba. Chimafutukuka ndi mphamvu yaikulu, ndipo chikakumana ndi nkhope ya munthu amene akuuluka kale, chimamuvulaza.

Malamba akumbuyo m'galimoto zambiri amakhala atalowa pansi pa mpando, zomangira zake osaoneka. Loweruka lino tukulani mpandowo muwatulutse, muone ngati sanathetheke m'mbali kapena kupotana, mumve ngati chomangira chikulira kuti thi mukalowetsa. Bambowo awerenge okha zimene ndalembazi, ngati ali ndi mafunso alembe pansipa.