Kuoda tiyi wa ku China pa intaneti: mmene geniyi imayendera

Achemwali, mwati mwaona tiyi wa ku China akutsatsidwa motchipa pa Alibaba, ndiye mukufuna kudziwa ngati munthu angaode ali ku Lilongwe konkuno, katundu n'kufika bwinobwino, n'kugulitsa mpaka kupeza kangachepe. Zimatheka ndithu. Koma tiyi ndi katundu wovutirapo kuposa nsapato kapena zikwama. Nsapato mukaiona pachithunzi mumadziwa chimene chikubwera. Tiyi ndalama yake ili m'fungo ndi m'kakomedwe, ndipo zimenezi foni singakuonetseni. Choncho geni yonseyi yagona pa kupeza njira yolawira musanatulutse mpamba.

Misika yake si yofanana. Alibaba ndi ya opikula ochokera kunja: amalemba Chingerezi, mitengo ili m'madola, ndipo wogulitsa aliyense amaika mlingo umene sangatsikepo. Mukamalipira kumeneko, lipirani mkati mwa Alibaba momwemo, pa Trade Assurance, ndondomeko yawo yoteteza wogula. Wogulitsa akati tiyeni tikamalizire pa WeChat (imene ili ngati WhatsApp ya kwawo), tumizani ku akaunti yanga ndikuchotserani mtengo, kanani, chifukwa mukatero zikavuta mulibenso kokadandaula. Ndiye palinso 1688 ndi Taobao, misika imene eni dziko amagulako okha. Zonse n'za m'Chitchaina, mitengo ili mu yuan, ndalama ya ku China, amalipira pa Alipay, njira yawo yolipirira pafoni, ndipo ogulitsa ambiri satumiza katundu kunja. Mitengo yabwino ili uko, koma mumafunika ajenti wa ku Guangzhou woti akulipirireni, alandire katundu ku weyahausi yake, amuphatikize ndi wa anthu ena, kenako atumize. Iyeyo amadya pa komishoni ndi pa mtengo wa ulendo.

Ajenti ameneyu musankheni mofatsa kuposa wogulitsa tiyi weniweniyo. Pa 1688 ndi Taobao ndalama sizipita kwa wogulitsa nthawi yomweyo. Zimasungidwa kufikira wogula atavomereza kuti walandira, ndipo akangokhala chete, pakapita masiku ochepa zimapita zokha. Ndiye katoni ikafika ku weyahausi, ajenti ayenera kuitsegula tsiku lomwelo, aiyeze pasikelo, ajambule mapaketi mbali zonse, akutumizireni. Cholakwika chikaoneka katundu adakali ku Guangzhou chimabwezedwa ndi ndalama zochepa. Akalowa mu kontena, nkhani yatha. Palibe amene adzakulipireni ulendo wobwerera kuchokera ku Kanengo.

Samalaninso miyezo. Ku China tiyi amagulitsa pa jin, ndipo jin imodzi ndi magalamu 500, theka la kilo. Tiyerekeze mwaona 60 yuan: kawirikawiri umenewo ndi mtengo wa jin, kutanthauza 120 yuan pa kilo. Ena amaika mtengo wotsika wa kapaketi kolawa ka magalamu 50 kuti muime pa tsamba lawo. Funsani kulemera kwa masamba okha, popanda chitini ndi bokosi.

Tsopano za mayina, chifukwa apa m'pamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi. Tiyi wa ku China wodula amadziwika ndi dera limene amachokera, ndipo mayina a maderawo aliyense amangowalemba. Longjing weniweni wa ku West Lake, tiyi wobiriwira wa masamba ophwathalala, amalimidwa pa dera laling'ono la mzinda wa Hangzhou m'chigawo cha Zhejiang, ndipo wodula kwambiri ndi wothyoledwa chikondwerero cha Qingming chisanafike, pa 4 kapena 5 Epulo. Munthu akakutsatsani Longjing wa West Lake wa chaka chino mu Febuluwale, ndiye kuti ndi wa chaka chatha kapena ndi mtundu wina wophukira msanga umene aukonza mophwathalala kuti ufanane. Da Hong Pao ndi oolong, tiyi wa pakati pa wobiriwira ndi wakuda, wa kumapiri a Wuyi ku Fujian. Mitengo yake yoyambirira ilipo isanu ndi umodzi yokha, ndipo anasiya kuthyolako mu 2006. Amene ali pamsika ndi wa mitengo yodzalidwa pambuyo pake kapena wosakaniza, ndipo wina ndi wabwino zedi, koma wolemba kuti wake ndi wa mitengo yoyambirira ija akunama poyera. Pu'er, tiyi wa ku Yunnan wosungidwa zaka, amamuumba ngati chikondamoyo chozungulira cha magalamu 357, ndipo amamanga zisanu ndi ziwiri pamodzi m'makoko a nsungwi, pafupifupi makilo awiri ndi theka. Dzina limene amalibera kwambiri ndi Lao Banzhang, mudzi umene masamba ake amagula masauzande a yuan pa kilo. Pa intaneti mudzaliona pa pepala la tiyi wa mtengo wa mbale ya nsima. Zaka nazonso amawonjezera: tiyi wa dzana amalembedwa kuti wasungidwa zaka 20.

Ine maganizo anga ndi akuti mayina akuluakuluwa asiyeni. Makasitomala athu sadziwa Banzhang, ndipo sadzakulipirani chifukwa cha dzinalo. Ndalama ili mu tiyi wamba wabwino, woona: wobiriwira wa chunmee kapena gunpowder, amene China imatumiza wochuluka ku Morocco ndi maiko a kuzambwe kwa Africa, wa jasmine wa ku Guangxi kapena ku Fuzhou, Tieguanyin, oolong wa ku Anxi, wa giredi yapakati. Wogulitsa amene amakuuzani mosabisa kuti tiyi wake ndi wa giredi yapakati ndi amene ndimamukhulupirira. Mabokosi ofiira okhala ndi zilembo zagolide, kansalu konyezimira mkati, aja ndi a mphatso za pa Chaka Chatsopano chawo, ndipo nthawi zambiri ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mumalipira bokosi kawiri, pogula ndi ponyamula.

Ndemanga za ogula musazidalire kwambiri, poti ku China kuli anthu amene ntchito yawo ndi kugula mwachinyengo n'kulemba zoyamikira. Ine ndimawerenga zodandaula, makamaka zimene munthu wabweranso kudzawonjezera patapita masabata. Ndimaonanso zaka zimene sitoloyo yakhala ikugulitsa, komanso ngati imagulitsa tiyi yekha. Wogulitsa tiyi, matochi ndi masokosi nthawi imodzi ndi wongodutsitsa katundu, sadziwa chimene chili m'paketi. Pemphani chithunzi cha kumbuyo kwa paketi. Payenera kukhala nambala ya chilolezo chopangira zakudya, yoyamba ndi zilembo SC kutsatira manambala 14, dzina ndi adiresi ya fakitale, tsiku lopangira ndi nthawi imene tiyiyo angasungidwe. Wozengereza kukuonetsani zimenezi musataye naye nthawi.

Mukapeza ogulitsa atatu kapena anayi ooneka bwino, odani sampulo kwa aliyense, magalamu 50 kapena 100, abwere pa ndege. Zioneka ngati kuwononga ndalama, koma iyi ndiyo ndalama yogwira ntchito kwambiri pa geni yonse. Akafika, tengani makapu oyera mkati ofanana, muike masamba ofanana m'kapu iliyonse, muthire madzi otentha, mudikire mphindi zisanu. Osathira shuga kapena mkaka. Madzi a tiyi wabwino amakhala oyera mbee, mumaona pansi pa kapu. Akachita thuu ngati madzi a pachithaphwi, kapena akasiya fumbi lochuluka, pali vuto. Tsanulani madziwo, mukhuthulire masamba onyowa pambale. Tiyi wabwino amatambasuka n'kuoneka tsamba lenileni, lofewa, lamtundu umodzi. Wachabe mupezamo timitengo, tizidutswa, masamba ena akuda ena achikasu. Tikitani tsamba louma pa pepala loyera lonyowa pang'ono. Likasiya utoto wobiriwira wowala, analipaka. Wa jasmine muyeseni pothira madzi katatu. Weniweni amamugoneka ndi maluwa aawisi usiku, kangapo, kenako n'kuchotsa maluwawo, ndiye fungo limalowerera ndipo limakhalapobe pa kapu yachitatu. Wopopera mafuta onunkhira amaboola mphuno potsegula paketi, koma pa kapu yachiwiri fungo lathawa. Musapusitsidwe ndi timaluwa toyera tambiri m'paketi, ena amangothiramo tokongoletsa.

Sampulo imene mwaikonda musaimalize. Sungani theka lake m'paketi yotseka bwino, mulembepo dzina la wogulitsa ndi tsiku. Oda yaikulu ikafika mudzayerekeze ndi imeneyo, chifukwa alipo amene amatumiza sampulo ya giredi yapamwamba kenako katoni ya giredi yotsika. Muuzeni wogulitsa kuti mwasunga ndipo mukufuna wa gulu lomwelo. Akadziwa kuti mumalawa, amasamala.

Kanyamulidwe nako kali ndi zake. Tiyi amayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Mu kontena ya anthu ambiri mumakhala matayala, sopo, mafuta odzola, nsapato zapulasitiki, ndipo zonsezi zimakhala zikutenthedwa ndi dzuwa panyanja ndi padoko kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Tiyi wa m'thumba la pepala akafika akununkha labala, ndipo palibe chomuchotsera. Nenetsani kuti akhale m'mapaketi a foyilo omata kotheratu, katoni ikutidwe ndi pulasitiki. Wobiriwira ndi Tieguanyin wosawotcha kwambiri amaguga msanga ndi kutentha, choncho amenewo ndimawakweza ndege, amadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kutsikira ku Kamuzu kapena ku Chileka. Wakuda ndi pu'er amapirira ulendo wa sitima, kaya wodzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kaya ku Beira n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Dziwaninso kuti a ndege amayeza kulemera ndi kukula kwa katoni n'kulipiritsa chimene chachuluka. Masamba otakasuka amadzaza katoni yaikulu koma yopepuka, ndiye mumalipira mphepo. Wopindidwa timibulu monga gunpowder ndi Tieguanyin amalowa wambiri pamalo ochepa.

Nyengo muziiwerengera. Pa Chaka Chatsopano cha Atchaina, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mafakitale ndi maweyahausi amatseka kwa masabata, ndipo katundu amene sanatuluke amagona pomwepo. Tiyi wobiriwira watsopano wambiri amayamba kumapeto kwa Malichi. Pa 11 Novembala kumakhala kutsitsa mitengo kwakukulu, koma kwa tiyi wobiriwira imeneyo imakhalanso nthawi yotaya wotsala.

Pofika kuno, katundu wa malonda amafuna TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, invoisi yoona ndi kiliyaring'i ajenti wovomerezeka. Tiyi ali pa nambala 0902 m'buku la misonkho, ndipo amasiyanitsa wobiriwira ndi wakuda, komanso mapaketi osapitirira makilo atatu ndi matumba aakulu. Msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikizapo ulendo ndi inshuwalansi, kenako VAT pamwamba pake. Funsani kiliyaring'i ajenti wanu akuwerengereni musanaode, osati katundu atafika. Poti ndi chakudya, a Malawi Bureau of Standards ali ndi mphamvu yomuyendera, ndipo paketi yolembedwa Chitchaina chokhachokha imavuta kwa iwo ndi kwa kasitomala yemwe. Ogulitsa ambiri a pa Alibaba amamata lebulo ya Chingerezi mukawapempha. Ndondomeko yopeputsa ya COMESA imene amayi a geni amagwiritsa ntchito pa Mchinji ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwelo, wa ku China saloledwa pamenepo. Anzathu ena amatsitsa mtengo pa invoisi. Musawatsanzire, a MRA akakugwirani, chindapusa ndi masiku amene katundu wakhala akusungidwa zimadya phindu la ulendo wonse.

Chimene chikutifinya tonse ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anagulitsa katundu pa mtengo wakale n'kulephera kuodanso. Poika mtengo, werengerani ndalama imene mudzafunike kuti muodenso mawa, osati imene munalipira dzulo.

Chomaliza, dziwani amene adzagule. Ife ndife dziko la tiyi. Ku Thyolo ndi ku Mulanje masamba ali mbwee, ndipo munthu womwa tiyi wamkaka ndi masupuni atatu a shuga sangasiye Chombe n'kugula wanu wa ku Fujian. Ngakhale wobiriwira ndi oolong, esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imapanga wake; mulaweni kuti mudziwe amene mukupikisana naye. Makasitomala anu ndi malo odyera a Chitchaina, malo ogona alendo, masitolo a mphatso, ndi anthu a m'maofesi amene achepetsa shuga. Amenewa ndi ochepa koma amabwerera akakhutira. Muziwauza kuti wobiriwira safuna madzi obwadamuka. Aphule ketulo, adikire pang'ono, aviike mphindi ziwiri. Ambiri amene amati tiyi wa ku China ndi wowawa anamuphika ngati wa kwathu.

Adzabwera ena ambiri, makamaka amayi anzathu, kudzafunsa tiyi wochepetsa thupi, ndipo pa 1688 mudzamuona wotchipa, wa zithunzi za mimba yaphwa. Ameneyo ine sindigwira, ndipo ndikukupemphani inunso musamugwire. Wambiri amakhala ndi senna, amene amangotsegula m'mimba, ndipo m'tiyi wina wa mtundu umenewu munapezekapo sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2010 chifukwa choika mtima pachiswe. Amene adzamwe ndi mnansi wanu, wa kumpingo kwanu, mwina wodwala kale BP. Gulitsani tiyi ngati chakumwa, osamulonjeza munthu kuti achira kapena aonda.

Pa oda yoyamba musapitirire makilo asanu, mitundu iwiri yokha, wa jasmine ndi wobiriwira, pa ndege. Muwagawe m'timapaketi ta magalamu 50 ndi 100 tomata bwino, musunge pouma, kutali ndi sopo ndi usipa, ndipo muzilemba m'kope amene wagula ndi amene wabweranso. Sampulo zikafika mundiuze, ndidzabwera ndi makapu anga tidzalawire limodzi.