Yankho kwa achemwali pa za mnyamata wathu ndi basketball

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko, ndayiona vidiyo ija mwaponya mu gulupu, ndayibwereza katatu konse. Ndiye funso lanu lija mukuti mwana wagoletsa mapointi 31 pa gemu imodzi ya sukulu, kochi wake akuti ameneyu ndi wa kunja basi, ndiye inu ndi alamu mukufunsa kuti kodi zimenezi ndi zoona, mpaka muyambe kuchepetsa za part time kuti azipita ku training daily. Ndati ndijambule mawu chifukwa kulemba sindingakwanitse zonse.

Choyamba mwanayu amatha, zimenezo ndisabise ayi, mtima wanga unadumpha nditaona mmene amathamangira ndi mpira. Koma taonaninso vidiyoyo bwinobwino, muone anzake amene akusewera nawowo. Onse akumulekeza m'phewa. Iyeyu ali ndi zaka 14 koma thupi linafulumira, mawu anasintha kale chaka chatha, pamene anzakewo ena sanayambe n'komwe kukula. Ndiye mapointi ambiri aja akuwapeza pansi pa ring, akaphonya akutola yekha rebound, kuponyanso, kuphonya, kutolanso, mpaka ulowe, palibe womulanda chifukwa palibe womufikira. Ndinawerenga ine, pali pena anaponya kanayi mpira umodzi. Pakatha zaka zitatu tiana timeneti tidzakhala titamupeza msinkhu, ena kumupitirira, ndiye pamenepo mpamene tidzadziwe kuti ali ndi chani m'manja.

Olo ku America komwe kuli ma scout odya ndalama zambiri pongoyang'ana ana, amaphonyabe. NBA, ligi yaikulu ya kumeneko, ili ndi matimu 30 ndipo pa draft, pamene matimuwo amasankha osewera atsopano motsatana manambala, amatenga anthu 60 okha pa chaka, dziko lonse lapansi. Mu 2009 mnyamata wa ku Tanzania konkuno, Hasheem Thabeet, wamtali mamita 2.21, anamutenga nambala 2 a Memphis, aliyense kumati basi East Africa yatulukira. Sizinayende, amagoletsa mapointi ngati awiri pa gemu ndipo pofika 2014 za NBA zinali zitatha. Draft yomweyo Stephen Curry, amene anadzakhala katswiri wamkulu, anatengedwa nambala 7, anthu akumuderera kuti ndi wowonda. Mu 2013 Anthony Bennett anali nambala 1, patangotha zaka zinayi anali atatuluka mu ligi, pamene Giannis Antetokounmpo amene amasewera ligi yaing'ono ku Greece anatengedwa nambala 15 chaka chomwecho, n'kudzakhala MVP, kutanthauza wosewera woposa onse mu ligi, 2019 ndi 2020. Nikola Jokic, amene nayenso anadzakhala MVP, nde nambala 41 mu 2014. Ndipo awatu anali anyamata a zaka 18, 19, 20 kupita m'mwamba, oti awaonera magemu ambirimbiri, nanji wathuyu wa fomu 2 pa gemu imodzi.

Sindikuti oyamba bwino onse amathera panjira ayi, LeBron James anatchuka ali ku sekondale ndipo zinachitikadi monga ankanenera. Koma oterowo ndi owerengeka. Ndipo mbali inayi, Joel Embiid wa ku Cameroon anayamba basketball ali ndi zaka 15, ankasewera volleyball, Hakeem Olajuwon ku Lagos anali goloboyi wa mpira wamiyendo asanagwire basketball. Pa zaka za mwana wathuyu anthu amenewa analibe olo pointi imodzi yoti munthu angawerenge.

Ndiye mukandifunsa ine kuti tiziyang'ana chani, ine mapointi ndimawaika pambali kaye. Mu vidiyo monse muja sindinaone akudribula ndi dzanja lamanzere olo kamodzi, akapita kumanzere mpira akuutengerabe kumanja, timu yochenjera ingomutsekera kumanjako basi wathedwa. Ma free throw anaponya asanu ndi limodzi, analowa awiri, ndipo pamenepo palibe womutchinga, ndi iye ndi ring basi, nde mpamene pamaoneka dzanja lenileni la munthu. Komanso pali pena mnzake anataya mpira, iye anaima n'kukweza manja kudandaula mmalo mothamangira ku defence. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse, chifukwa ndi khalidwe limene limamera mwa mwana amene aliyense akumuuza kuti ndiwe star. Koma chimene chinandisangalatsa, chakumapeto kuja anamuona mnzake ali yekha pakona n'kumupatsira osayang'anako, maso amenewo saphunzitsika wamba, ali nawo ndithu.

Za msinkhu musadalire kwambiri, alamu si aatali kwenikweni, inunso ndi ine tikudziwana kwathu, ndiye mwina akhoza kuima pompano kapena kuonjezera pang'ono. Nchifukwa chake ndikufuna aphunzire kusewera ngati guard, kugwira mpira, kupasa, kuponya patali, osati kochi azingomuimika pansi pa ring chifukwa zikuwinitsa sukulu chaka chino.

Tsono za sukuluzo achemwali chonde, part time isachepe. Njira imene ana ambiri a kuno ku Africa amadutsira ndi ya scholarship, ndipo kumeneko amafunsa magiredi kaye, opanda MSCE yabwino olo utamatha bwanji pepala silidutsa. Komanso bondo limatha tsiku limodzi, makamaka pa makhothi athu a simenti awa, Greg Oden anatengedwa nambala 1 mu 2007 patsogolo pa Kevin Durant koma mawondo anamuthera ntchito. Ndipo wina akabwera kuti perekani ndalama timupezere trial kunja, musapereke olo 1 kwacha musanandiimbire.

Mwayi ulipo kuposa kale, BAL, ligi ya basketball ya makalabu a mu Africa, inayamba 2021 ku Kigali, ku Senegal kuli NBA Academy Africa, ndipo kwathu konkuno Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikusewera ma qualifier a BAL. Ndiye chimene ndingapemphe, mupezereni malo azisewera ndi akuluakulu, a zaka 17, 18, amene angamukankhe n'kumulanda mpira, tione ngati mawa lake adzadzuke kubwereranso. Akamaliza homuweki aziponya ma free throw 50, azilemba mu kope kuti alowa angati, ndi kudribula kumanzere mphindi 15 pakhonde pompo. Nsapato ndigula ine, zimene wavala mu vidiyomo zatha kunsi ndaona akuterereka, munditumizire saizi yake madzulo ano. Holide ikubwerayi ndibwera ndidzamuonere ndekha magemu awiri atatu, ndipo mumuuze kuti amalume akufuna kudzaona kopelo. Moni kwa alamu.