Kukwera sitima ya panyanja ndi mwana wa zaka ziwiri: kabini yake iti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Joni. Akuti iwo ndi abambo akunyumba asunga kandalama, akufuna mu Januwale akakwere sitima ya MSC ija imanyamuka ku Durban kupita ku Mozambique, masiku 3 kapena 4 basi, koma ali ndi kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka. Ndiye akufunsa kuti kodi mwana wamsinkhu umenewu nkupita naye, nanga atenge kabini (chipinda chogona m'sitima) ya balikoni ija ikuoneka bho pa zithunzi kapena yotchipa yamkati?

Asisi, mwanayo pitani naye, m'sitima zimenezi ana amakhalamo mbwee ndipo wanuyo sadzakhala woyamba kulira nthawi ya chakudya. Koma ndalama yanu musaiponye pa balikoni. Mpanda wake ndi wautali ndithu, mwana sangagwe atangoima, vuto ndi mipando ndi katebulo zimene amaika pamenepo, inu mukudziwa mwana wa zaka ziwiri mmene amakwerera chilichonse mukangotembenuka kuti mutenge foni. Mapeto ake chitsekocho muzidzangochikiya tsiku lonse, ndiye mwalipira ma rand ambirimbiri malo oti simukhalapo. Ine ndingatenge ya windo, imene pa webusaiti amailemba ocean view, windo lake silitseguka, kuwala kumalowa ndipo mwana amatha kuonera madzi mpaka kalekale. Yamkati nayonso siyoipa, mukazimitsa magetsi muli mdima wa ndiweyani moti mwana masana amagona ngati ndi usiku, kungoti ngati ndinu munthu wochita nseru msanga kukhala malo osaona kunja kumawonjezera chizungulire.

Chimene anthu ambiri salabadira pobukitsa ndi malo amene kabiniyo ili, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Sitima ikamakumana ndi mafunde kutsogolo ndi kumbuyo ndi kumene kumanyamuka kwambiri, ndipo mukakwera m'mwamba kugwedezeka kumachulukanso. Ndiye pemphani yapakati pa sitima, pa deki (nsanjika ya sitima) yapansiko. Nyanja yapakati pa Durban ndi Maputo siyamasewera, komanso Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe kumbali imeneyo, Freddy wa mu 2023 tonse sitinamuiwale. Musaope, akapitawo salowetsa sitima mu namondwe, amasintha njira, koma mafunde okha mutha kukumana nawo.

Kenako tsegulani mapu a sitimayo, ali pa intaneti, muone chimene chili pamwamba ndi pansi pa kabini yanu. Pamwamba pakhale makabini, pansi pakhalenso makabini. Mukakhala pansi pa deki ya pulu muzidzamva mipando ikukokedwa mbandakucha, mukakhala pamwamba pa disiko ndiye kaya, maulendo afupiafupi aku Durbanwa anthu amapitira kukavina ndipo nyimbo sizitha msanga. Pafupi ndi lifiti ndi pabwino chifukwa makolido ake ndi aatali zedi kunyamula mwana wogona, koma osati khomo loyang'anizana ndi lifiti yeniyeniyo.

Za bedi musangoti "tilipo atatu" nkusiya pomwepo. Makabini ena bedi lachitatu ndi lija lotsika pakhoma m'mwamba, lokwera ndi makwerero, mwana wamng'ono chonchi sangagonepo. Funsani ya sofa yotambasula, kapena pemphani kabedi ka mwana nthawi yobukitsa yomweyo osati mutafika. Dziwaninso kuti tizipinda timeneti ndi tating'ono, kabedi kakalowa malo oyenda atha, ndiye pulemu tengani yopinda ija. Kubafa nthawi zambiri kuli shawa yokha, ngati mwana wanu amaopa shawa yambani kumuzoloweza panopa.

Zina zoti musadzakhumudwe nazo. Mwana amene akadali pa pampasi samulola mu pulu, ngakhale atavala zosambira zija. Kalabu ya ana yomusiya nkuchokapo imayambira zaka 3, ochepera apo ali ndi malo awo osewerera koma nthawi zambiri kholo limayenera kukhalapo, ndiye zoti mudzamusiya tsiku lonse inu nkumakamwa juwisi padzuwa ziiwaleni, muzidzasinthana ndi bambo ake.

Ku Portuguese Island, kachilumba ka ku Mozambique kumene sitimazi zimakonda kukaima, kulibe doko. Sitima imaima patali, anthu mumatsikira m'timaboti ngati mmene timachitira ndi Ilala pa Nkhotakota, ndipo nyanja ikavuta tsiku limenelo satsitsa munthu. Musanalipire afunseni bwinobwino ngati mwana wa zaka ziwiri amaloledwa m'timabotimo, akuyankheni pa imelo kuti mukhale nazo polemba. Mukatsika, dzuwa lake ndi loswa mtengo ndipo mchenga umawotcha mapazi, chipewa ndi tinsapato musasiye.

Mapepala tsopano, apa ndiye amalawi timakodwa. Ulendowu ukuoneka ngati wongozungulira pamadzi koma mukutuluka mu South Africa nkulowanso, ndiye mwana akhale ndi pasipoti yakeyake, satifiketi yakubadwa itengeninso, ndipo onani kuti mapemiti anu nonse sanathe. Ngati mapepala sali bwino musayerekeze nkomwe. Dokotala m'sitima alimo koma ndi wolipira, choncho panado wa ana, Thanzi ndi mankhwala ena amene mwana amamwa longedzani mu chikwama cham'manja, chifukwa masutikesi amafika kukabini mochedwa tsiku lokwera. Mupitenso ku kiliniki mukafunse za malungo, kumene mukupitako ndi ku Mozambique, ndipo mwana wokulira ku Joni thupi lake silinazolowere udzudzu wakwathu.