Kachisi wa paphiri ku Fujiyoshida: tipite liti, nanga Mkhristu n'kupondako?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina amene akuchita maphunziro ku Tokyo. Mwachidule akuti: "Ndakhala ndikuona chithunzi chija cha nsanja yofiira, maluwa a sakura, tauni m'munsi ndi phiri la Fuji kumbuyo. Anzanga akuti ndi pa kachisi wa Chishinto, ndipo akufuna tipite maluwa akamasula. Kodi malowa ali kuti, tipite liti, ndipo ine Mkhristu wa CCAP ndikapondako sindichimwa?"

Zikomo achemwali chifukwa cha kalata yanu. Ndiyankha pano kuti ena amene ali ndi funso lomweli apindule nawo.

Malo mukunenawo ali mumzinda wa Fujiyoshida, m'chigawo cha Yamanashi, kumadzulo kwa Tokyo. Kachisiyo ndi wa Chishinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, dzina lake ndi Arakura Fuji Sengen, ndipo ali m'mbali mwa phiri la Arakura, moyang'anizana ndi Fuji. Mbiri imene eni ake amasunga imati anayamba mu 705. Ndi mmodzi mwa akachisi a Sengen oposa 1,000 amene ali m'dziko lonse la Japan, ndipo onsewo amalumikizana ndi kupembedza phiri la Fuji. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Fuji ndi phiri lamoto. Linaphulika koopsa mu 864, linaphulikanso mu 1707 phulusa lake n'kukagwa mpaka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo. Anthu okhala m'tsinde mwake ankafuna woti aziwapembedzera phirilo kuti lisakwiye. Mulungu wamkazi amene amamulemekeza kumeneko ndi Konohanasakuya-hime, amene nthano zawo zimati anaberekera ana m'nyumba yoyaka moto koma osapsa. N'chifukwa chake anthu amapita kukapempha chitetezo ku moto, mtendere pabanja ndiponso kuti amayi oyembekezera akachire bwino. Duwa lake ndi sakura yemweyo, duwa la mitengo ya matcheri ya ku Japan.

Koma nsanja yofiira ya pachithunzi ija si kachisi ayi. Kachisi weniweni ali m'munsi, mukangodutsa chipata chachikulu chofiira chimene amati torii, ndipo alendo ambiri amangomulambalala ali piringupiringu kuthamangira pamwamba. Nsanjayo, yotchedwa Chureito, inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndi ya simenti, ndipo ndi chikumbutso cha ana a mzindawu amene anafera ku nkhondo, kuphatikizapo Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse. Kunena kwina, ntchito yake ndi yofanana ndi ya chipilala cha asilikali a KAR chija cha ku Zomba. Nsanjayo ili ndi madenga asanu osanjikizana, ndipo ikamaoneka pachithunzi munthu amayesa ndi ya makedzana, pomwe agogo ambiri a m'tauniyo anaiona ikumangidwa. Ine ndimaona kuti munthu akadziwa zimenezi amakwera ndi mtima wina. Pamene inu mukufuna kujambula, wina pafupi nanu angakhale atabwera kudzakumbukira bambo ake.

Tsono za nthawi, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Chithunzi chija chimafuna zinthu zitatu zikumane tsiku limodzi: maluwa akhale atamasula, Fuji aoneke, ndipo inu mupeze poima. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi vuto lake.

Mitengo ya sakura ya pamenepo, pafupifupi 650, yambiri ndi ya mtundu wa Somei Yoshino. Mtundu umenewu sadzala mbewu, amachita kumezanitsa, ndiye mitengo yonse ili ngati mtengo umodzi. Ikayamba kumasula imamasulira limodzi, ikayamba kuyoyoka imayoyokeranso limodzi. Kuchokera pa duwa loyamba kufika pomasula mtengo wonse pamatenga pafupifupi sabata, kenako sabata ina imodzi basi, maluwa ali pansi. Kukabwera mvula ndi mphepo, ngakhale sabatayo sikwana. Ku Tokyo kwanuko maluwa amayamba chakumapeto kwa Malichi, koma musatengere zimenezo. Fujiyoshida ali pamtunda, mamita oposa 700 kuchokera pa nyanja, kotero kumazizira ndipo maluwa amachedwa ndi masabata awiri kapena kuyandikira pamenepo. Zaka zambiri nthawi yabwino imagwa pakati pa sabata yoyamba ya Epulo ndi pakati pa mweziwo. Ubwino wake ndi woti mutha kuonera sakura ku Tokyo, kenako n'kukaonanso kachiwiri kumapiriko. Makampani olosera zanyengo monga Weathernews amatulutsa masiku a maluwa malo ndi malo, ndipo amawasintha sabata ndi sabata. Muziwayang'ana kuyambira mwezi wa Malichi, osagula tikiti kudakali miyezi iwiri.

Vuto lalikulu ndi phiri lenilenilo. Fuji ndi wamtali mamita 3,776 ndipo amakoka mitambo. Nyengo yozizira, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, ndi pamene amaoneka bwino kawirikawiri chifukwa mpweya umakhala wouma. Mu Epulo mlengalenga mumakhala nkhungu ya fumbi ndi chinyontho, ndipo pali masiku ambiri amene mungaime pamwambapo maluwa ali mbee, tauni ikuoneka bwinobwino, koma pomwe payenera kukhala phiri pali mtambo wokhawokha. Langizo langa ndi lakuti mukasankha sabata potengera maluwa, tsiku lenilenilo mulisankhe potengera phiri. Pa intaneti pali makamera amene amaonetsa Fuji nthawi yomweyo kuchokera ku Fujiyoshida ndi ku nyanja yapafupi ya Kawaguchiko. Yang'anani zanyengo usiku, yang'ananinso kamera musanatuluke m'nyumba. Tsiku lotsatana ndi la mvula nthawi zambiri limacha bwino. Ndipo pitani m'mawa. Dzuwa likakwera mitambo imayamba kuunjikana paphiri, komanso chifukwa mumakhala mutayang'ana chakum'mwera, masana ndi madzulo dzuwa limakhala kutsogolo kwanu, phiri n'kumangooneka ngati mthunzi wotuwa.

Chachitatu ndi anthu, ndipo apa ndisakubisireni, anthu ndi ochuluka zedi. Chakumtunda kwa nsanja, paphiripo, pali thandala loimapo pojambula, limene analikulitsa mu 2022, komabe nthawi ya maluwa pamakhala mzere woti munthu n'kudikira ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo mukafika amakupatsani mphindi zochepa kuti ena alowe. Loweruka ndi Lamlungu musayerekeze. Ngati ndandanda ya kusukulu ikulola, pitani pakati pa sabata, ndipo ngati thumba likulola, kagoneni ku Fujiyoshida komweko kuti mukwere kukungocha. Paki yomwe muli nsanjayo salipiritsa ndipo satseka usiku.

Kayendedwe kake n'kosavuta. Siteshoni yapafupi ndi Shimoyoshida. Kuchokera ku siteshoni ya Shinjuku, ku Tokyo, pali sitima yotchedwa Fuji Excursion imene imafika osasintha, ulendo wosakwana maola awiri, koma mipando yake ndi yochita kusungitsa ndipo nthawi ya maluwa imatha msanga. Yotsika mtengo ndi kukwera sitima wamba ya njanji ya Chuo mpaka ku Otsuki, n'kusinthira sitima ya Fujikyu. Khadi lanu lolipirira sitima la Suica kapena Pasmo limagwira ntchito. Ngati m'gulu lanu muli mlendo amene ali ndi Japan Rail Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za kampani ya JR, adziwe kuti gawo la Otsuki kupita mtsogolo ndi la kampani ina, alipira padera. Palinso mabasi ochokera ku Shinjuku, koma nthawi ya tchuthi amakodwa mumsewu. Kuchokera pa siteshoni ndi mphindi 10 wapansi kufika pa chipata, ndipo kuchoka pamenepo ndi masitepe 398. Amene mawondo amavuta asadandaule, pali kanjira kokhotakhota kopanda masitepe kamene kamafika komweko. Valani nsapato zoyendera, osati zojambulitsira, ndipo tengani jekete lochindikala chifukwa m'mawa wa Epulo kumeneko kumazizira kuposa ku Tokyo.

Tibwere ku funso limene ndikudziwa kuti ndi limene lakulembetsani kalata. Choyamba, musadzione ngati wachimidzi pofunsa zimenezi. Akhristu a m'dera limenelo analimbana nalo funso lomweli, ndipo ena anafa nalo. M'zaka za m'ma 1930 boma la Japan linkakakamiza ana a sukulu ndi mipingo kukawerama pa akachisi a Chishinto, likunena kuti si chipembedzo koma ulemu kwa dziko ndi mfumu. Ku Korea, komwe panthawiyo kunali pansi pa Japan, nkhaniyi inang'amba mpingo wa Presbyterian. Sinodi yawo inagonja mu 1938, koma abusa ena anakana n'kumangidwa, ndipo mmodzi wa iwo, Chu Ki-chol, anafera m'ndende mu 1944. Nkhondo itatha mu 1945, Chishinto chinalekanitsidwa ndi boma. Lero palibe amene angakukakamizeni kuchita kanthu kalikonse pa kachisi. Palibe wolembetsa pachipata, palibe wofunsa mpingo wanu, palibe ngakhale wokuyang'anani.

Chimene chingakuthandizeni n'kudziwa chimene chili mapemphero ndi chimene chili ulemu wamba, kuti musankhe mukudziwa. Munthu wodzapemphera amawerama pang'ono pa torii. Amayenda cham'mbali mwa njira, chifukwa pakati amati ndi podutsa milungu. Amafika pa mwala wa madzi, n'kutunga ndi chikho, kusamba dzanja lamanzere, lamanja, kuchukucha m'kamwa ndi madzi a m'dzanja, osamwera pachikhopo. Akafika kutsogolo kwa kachisi amaponya kandalama m'bokosi, kawirikawiri ka 5 yen, amaliza belu ngati lilipo, amawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, kupemphera chamumtima, n'kuweramanso kamodzi. Pambali pamakhala pogulitsira omamori, timene ndi tizithumwa tosokera m'kansalu, timapepala ta maula totchedwa omikuji, ndi timatabwa tolembapo zopempha.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi anga, si a abusa anu. Kuponya ndalama, kuwomba m'manja ndi kuwerama kutsogolo kwa kachisi ndi pemphero, ngakhale Ajapani ambiri amene amatero angakuuzeni kuti iwo alibe chipembedzo, angotsata mwambo. Ngati mtima wanu sukulola, musachite, ndipo musachite pongofuna kusangalatsa anzanu kapena kuti chithunzi chikome. Omamori ndi wokongola, koma ndi chithumwa ndithu, musagulire amayi kumudzi ngati mphatso musanawauze chimene chili. Koma kudutsa pachipata, kukwera masitepe, kuona mmene anamangira, kuima chete wina akamapemphera, ine sindiona tchimo pamenepo. Kuyenda cham'mbali sikukutayitsani kanthu, ndipo kumapereka njira kwa eni malo. Chimene sindigwirizana nacho ndi kupita pamalo opatulika a anthu ena n'kumaseka miyambo yawo, kapena kuima kutsogolo kwa wopemphera n'kumujambula kumaso. Ngati mwalingalira n'kuona kuti ngakhale kulowa pachipata kukuvutitsani mumtima, musadzikakamize. Fuji ndi sakura zimaonekanso bwino m'mphepete mwa nyanja ya Kawaguchiko, masiteshoni ochepa kutsogolo pa njanji yomweyo, popanda kachisi aliyense panjira.

Pali nkhani inanso ya ulemu, yokhudza amoyo. Njira yochokera pa siteshoni imadutsa pakati pa nyumba za anthu, ndipo anthuwo atopa. Mu 2024 tauni yoyandikana nayo ya Fujikawaguchiko inachita kutchinga ndi ukonde wakuda malo ena pamsewu chifukwa alendo ojambula Fuji ankaima pamsewu ndi kutaya zinyalala. Mu Febuluwale 2026 akuluakulu a mzinda wa Fujiyoshida analengeza kuti chikondwerero cha sakura cha pa Arakura sichichitika chaka chimenecho, potchula alendo olowa m'mabwalo a eni ake, otsegula zitseko za nyumba kufuna chimbudzi, ndi odzaza misewu imene ana amadutsa popita kusukulu. Maluwa samasiya kumasula chifukwa cha chilengezo, ndipo anthu amapitabe, koma musanyamuke musanaone zimene mzinda walengeza chaka chimene mukupitacho. Zimbudzi zilipo pa paki, mabini ndi osowa monga mukudziwira za Japan, choncho kathumba ka zinyalala kakhale m'chikwama. Nthambi za sakura sathyola, sagwedeza kuti maluwa agwe pojambula. Ndipo m'mawa kwambiri tsitsani mawu, pakuti ife tikakumana atatu timamveka ngati khumi.

Mukatsika musathamangire sitima. Fujiyoshida ndi tauni ya owomba nsalu kuyambira kale, ndipo ili ndi chakudya chake chotchuka, udon wa ku Yoshida, mtundu wa manudo opangidwa ndi ufa wa tirigu. Ndi wonenepa, wolimba, wofuna mano, ndipo amathirapo kabichi wowiritsa. Amati ankakanda ndi azibambo pamene azimayi anali pa makina owombera nsalu, n'chifukwa chake analimba chotero. Malo ambiri ogulitsa amatsegula nthawi ya nkhomaliro yokha, ena ali ngati nyumba wamba, ndiye mukafika 2 koloko mupeza atatseka. Funsani za nyama musanaitanitse, chifukwa nthawi zambiri imene amaika pamwamba ndi ya kavalo.

Zikakanika mu Epulo chifukwa cha sukulu, pakuti ndi mwezi womwe chaka cha maphunziro chimayamba kumeneko, pitani mu Novembala. Masamba amakhala atafiira, Fuji amakhala atavala kale chipale chofewa pansonga, ndipo mwayi woti mumuone ndi waukulu kuposa nthawi ya maluwa.